Chodulira Matailosi a Nambewe

Matailosi aja anakhala kuseri kwa kabati zaka zisanu ndi chimodzi Nambewe, mkazi wanga, ali moyo, ndi chaka china chimodzi atatisiya. Anali m'makatoni momwe ndinawatumizira kuchokera ku Joni, ataimikidwa motsamira khoma, pansi pake pali matabwa awiri monga ndinalangizira pa foni. Pamwamba Nambewe anafunditsapo chitenje chakale kuti fumbi la ku Chinsapo lisalowe. Chitenjecho ankachichapa mwezi ndi mwezi, n'kuchibwezerapo.

Ndinachoka kwathu mwana wathu Madalo ali m'makalasi oyamba a pulayimale. Nthawi imeneyo ndinkasakaniza simenti kwa amisiri omanga, lero kuno mawa uko, ndipo masiku okhala pakhomo anayamba kuchuluka kuposa ogwira ntchito. Nambewe ankagulitsa tomato pamsika. Tinali ndi kapuloti kathu ndi nyumba ya zipinda ziwiri yopanda pabalaza. Alendo tinkawalandirira pakhonde. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka kudepoti, nandipatsa mtedza wokazinga m'kajumbo ndi buku la nyimbo limene ankaimbira iye mwini. Sanalire. Anangondiuza kuti kolala ya malaya anga yapindika, n'kuikonza.

Za ulendo ndimakumbukira zochepa: kutentha kwa ku Tete, miyendo kutupa, ndi mizere ya pazipata za malire pomwe munthu umaphunzira kuyang'ana pansi. Ndinafika ku Durban ndili ndi nambala ya munthu amene foni yake sinkapezeka. Kumeneko kuli malo amene amuna amaima m'mbali mwa msewu m'mawa, aliyense atanyamula chida cha ntchito yake kuti odutsa pa galimoto aone. Wina bulashi ya penti, wina mpeni womangira. Ine ndinaima chimanjamanja. Tsiku lachitatu bambo wina wamfupi, wa kandevu ndi kachipewa koyera kachisilamu, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa m'Chichewa kuti kwathu n'kuti. Ndinafunsa kuti adziwa bwanji kuti ndine wakwathu. Anati pamzere wonsewo ndine ndekha ndinkavula chipewa galimoto ikaima.

Amenewo anali Che Saidi. Kwawo kunali ku Mangochi, koma banja lawo linkachita lendi ku Kawale. Ananditengera m'kachipinda kawo ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. Munali mabedi awiri, sitovu ya palafini, ndi kampata pakati kokwana mkeka umodzi. Kampatako tinkasinthana. Iwo akamaswali ine ndinkakhala pabedi nditapinda miyendo, ine ndikagwada iwo ankachita chimodzimodzi. Ankanditcha Abusa ngakhale sindinalalikirepo, ine n'kumawatcha Shehe. Mwezi wa Ramadani ndinaphunzira kudyera nkhomaliro yanga kuseri kwa mulu wa njerwa, ndipo iwo ankati ndisavutike, fungo la buledi ndi soda silinagwetsepo Msilamu.

Ntchito ya matailosi anandiphunzitsa ndi iwo. Anthu achuma kumeneko anali atayamba kukonda matailosi aakulu a poselini, oti ukaimika imodzi imakufika pachifuwa. Poselini ndi dothi lowotchedwa mpaka kulimba ngati galasi. Ndi yolemera, ndi yokongola, koma sikhululuka. Ukailakwira pang'ono, mng'alu umathamangira kumene ukufuna wokha.

Podula panali njira ziwiri. Ina inali gilayinda, makina a magetsi aja a mpeni wozungulira. Mabwana a changu ankaikonda, koma imatafuna m'mphepete mwa tailosi, ndipo dzanja likagwedezeka yapita. Fumbi lake ndi loyera, losalala ngati ufa wosefa. Che Saidi anali atadula nayo zaka zambiri atangomanga kampango pamphuno, ndipo madzulo nsidze zawo zinkakhala ngati za nkhalamba. Njira ina inali chodulira cha manja, chimene iwo anagula kwa mmisiri wina wachipwitikizi amene ankasiya ntchito. Chinali ndi njanji ziwiri zachitsulo, pamwamba pake pakuyenda chogwirira chokhala ndi kawilo kakang'ono ngati batani la malaya. Kawiloko sikadula, kamangokanda mzere. Ukafika kumapeto umatsindika chogwiriracho, tailosi n'kugawanika yokha motsata mzerewo. Chifukwa cha njanjizo tinkachitcha Sitima.

Lamulo la Sitima linali limodzi, ndipo anandiuza tsiku loyamba nditaswa tailosi ya bwana.

"Kamodzi kokha, Abusa. Osaima pakati, osabwereza. Mukabwereza mwalambula misewu iwiri, ndiye mng'alu sudziwa utsate uti."

Ankati mzere wabwino umaudziwa ndi khutu, usanauone. Umamveka ngati telala akung'amba nsalu yatsopano, mawu amodzi kuchokera uku mpaka uko.

Sitima inali yaitali pafupifupi ngati mwini wake. M'minibasi za kumeneko tinkaigoneka pamiyendo yathu ndi ya anthu ena awiri, amayi akutinena m'chilankhulo chimene mwamwayi sindinkachimva bwino. Nthawi ina kutabuka chipwirikiti chothamangitsa alendo, tinathawira kumzikiti, ine nditanyamula thumba la zovala, iwo Sitima paphewa. Zovala zawo anazisiya. Ndinakhala masiku anayi m'bwalo la mzikiti, buku la nyimbo la Nambewe lili m'thumba la jekete, ndipo palibe amene anandifunsa kuti ndimapemphera kuti.

Zimene ndinkatumiza kwathu Nambewe sankamwaza. Anagula njerwa, anagula malata, ndipo mchimwene wake, alamu anga a Gibisoni, amene ndi mmisiri womanga, anawonjezera pabalaza kutsogolo kwa zipinda ziwiri zija. Nditabwera kudzacheza kachiwiri, komwe kunalinso komaliza, ndinapeza pansi pake pali simenti yofiira yowala moti unkadziona nkhope. Loweruka m'mawa ndinaona chimene chinkawalitsa. Nambewe anagwada ndi kachitini ka polishi ndi chisanza, akukwawa kuchokera pawindo mpaka pachitseko, ndipo podzuka anagwira mpando, maondo akulira. Ndinamuuza kuti tsiku lina ndidzamata matailosi pamenepo ndi manja anga, kuti maondo amenewo azigwadira Mulungu yekha. Anaseka, nati amisiri amagona m'nyumba zodontha.

Mawu amenewo sindinawaiwale. Patapita nthawi, nditabwerera ku Durban, tinagwira ntchito panyumba ya mayi wina amene, titamata theka la khitchini, anati mtundu wa matailosiwo sukugwirizana ndi makabati. Anali otuwa pang'ono, ngati mtambo wa mwezi wa Juni, okhala ndi timizere tosaoneka bwino. Analamula ena, ndipo makatoni khumi ndi atatu amene anatsala, awiriawiri m'katoni, anati tiwachotse m'galaja mwake, tichite nawo zimene tikufuna. Ndinati tigawane. Che Saidi anandifunsa ngati ndikufuna kuti akakongoletse nyumba ya landilodi wawo ku Kawale. Onse anandisiyira ine.

Ndinaimbira Nambewe kuti ayeze pabalaza mulitali ndi mulifupi. Anati ndiimbenso mawa. Mawa lake ananditchulira manambala awiri, ndipo nditawerengera pakatoni ndinadzuka pabedi. Matailosi anayi ogona mulitali, mizere isanu ndi umodzi mulifupi, makumi awiri ndi anayi ndendende, osadula ngakhale imodzi. Che Saidi anayang'ana masamu anga, nati nyumba yosafuna kudula tailosi ili kumwamba kokha, ndipo ngakhale kumeneko iwo adzapita ndi Sitima.

Makatoni anayenda ndi anyamata onyamula katundu pa ngolo ya basi. Imodzi inafika itagwetsedwa, matailosi ake awiri ali zidutswa. Anatsala makumi awiri ndi anayi, opanda wapadera. Alamu anga anati awamate, gilayinda ali nayo ngati pangafunike. Nambewe anakana. Anati mwini wake ananena kuti adzamata yekha.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga, ndipo sindiukana. Masiku a pasipoti yanga anali atatha kalekale. Kutuluka kukanatheka, koma kubwereranso ayi, ndipo Madalo anali atayamba sukulu ya utelala. Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Che Saidi chifuwa chinawakula, anayamba kupuma ngati munthu wokwera phiri ali pabedi, mpaka anamanga katundu wawo n'kubwerera ndi Sitima yawo. Ine ndinatsala. Nambewe atadwala anandiuza pa foni kuti ndi kamutu chabe, ndipo ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Ndinafika ku Chinsapo patatha masiku atatu ataikidwa.

Ndinapeza nyumba zamera pomwe ndinasiya chimanga, njinga zamoto za kabaza zikuliza mabelu pamene kale pankadutsa ngolo. Ndinapezanso Madalo ali mayi wamkulu, ali ndi kashopu kake kosokera ku Nsungwi, akudzuka m'mamawa kukwera minibasi ziwiri. Ulemu wonse ankandipatsa. Ankagwada popereka madzi, ankachapa malaya anga, ankayankha kuti "Bambo" ndikamuitana. Kupitirira pamenepo panalibe. Sindinamudandaule. Amene anasenza mayi ake kupita nawo kuchipatala anali iye. Tinakhala choncho chaka chathunthu, ine ndikudutsa pafupi ndi makatoni aja osakweza ngakhale chitenje. Dzanja langa lamanja linayambanso kunjenjemera chaka chomwecho, moti kutchalitchi ndimagwira buku la nyimbo ndi manja awiri.

Chaka chitakwana alamu anga anabwera kudzakamba za chiliza. Tinakhala pabalaza, Madalo atakhala pansi pafupi ndi chitseko. A Gibisoni anati masiku ano ziliza zabwino akuzikuta ndi matailosi, ndipo palibe chifukwa chogulira ena pamene mlongo wawo anasiya ake akuwola kuseri kwa kabati. Awaduladula ndi gilayinda, akwana ndi kutsala. Ndinati matailosiwo ndi a pabalaza. Apo Madalo anayankhula, maso ali pansi.

"Amayi anadikira kuti adzawaponde. Poti zinakanika, bola awafunde."

Kenako ndinapempha kuti andipatse mpaka kutha kwa mwezi. Ngati pabalaza padzakhale pasanathe, atenge makatoniwo apite nawo kumanda. Madalo anafunsa, mosakweza mawu, ngati ndikunena mwezi uno kapena wa chaka chamawa. Ndinati uno.

M'mawa mwake ndinatulutsa mipando, ndinatenga tepi yanga n'kuyeza. Mulitali munali monga Nambewe ananenera. Mulifupi ndinayeza katatu, ndikuganiza kuti dzanja likundinamiza. Khoma lina linali lowongoka, koma linzake linapendeka. Kumbali ya chitseko chipinda chinali chopapatiza ndi chikhatho chimodzi, kumbali ya windo chinali chotakata ndi chikhatho chimodzi. Pakati penipeni pokha ndi pamene nambala ya Nambewe inali yoona. Ndinaganiza kuti anayeza pakati chifukwa m'mbali munali mipando, ndipo ndinamuona m'maganizo atawerama ndi tepi, lilime lili pakona ya pakamwa monga ankachitira akamawerenga.

Ndinakhala pansi ndi choko tsiku lonse. Ndikanayamba ndi matailosi athunthu kukhoma lowongoka, kukhoma lopendeka kukanatsala kampata koonda ngati mpeni, koti palibe mmisiri angakadulire chidutswa. Koma njira inalipo. Matailosi awiri ndiwagawe pakati mulitali, zidutswa zinayizo zikhale mzere woyamba kukhoma lowongoka. Makumi awiri athunthu abwere pakati. Ndiye kukhoma lopendeka kutsala mpata wotakata, umene matailosi awiri omaliza angaudzaze ngati iliyonse itadulidwa mopendeka, chidutswa chaching'ono kupita cha kuchitseko, chachikulu cha kuwindo. Kudula kanayi, zidutswa zisanu ndi zitatu, chilichonse ndi malo ake. Chimodzi chikasweka, pabalaza sipatha, chifukwa mtundu umenewo mu Lilongwe simunali.

Alamu anga atabwera anaona mizere ya choko, naona kumene khoma lawo likuthawira. Anati makoma amasuntha ndi mvula. Ndinavomera kuti mvula ya ku Chinsapo ndi yamphamvu. Anati gilayinda yawo ilipo. Ndinathokoza, koma ndinayang'ana dzanja langa, ndinakumbukiranso nsidze zoyera zija.

Ndinakulunga zidutswa za katoni yosweka ija m'chisaka n'kuyamba kufuna chodulira. M'masitolo a zida zomangira ku Malangalanga zinalimo zambiri, zofiira, zachikasu, zowala. Pafupifupi zonse zinali zazifupi, za timatailosi ta kubafa. Chodulira chiyenera kupitirira tailosi, kuti kawilo kayambire kunja ndi kukathera kunja. M'sitolo ina ndinapeza chachitali. Wogulitsa anachitsitsa akunena kuti, madala, ichi ndi chaorijino, makontirakita onse akutenga chomwechi. Ndinatsindika njanji zake pakati ndi chala chachikulu, zinawerama. Ndinagwedeza chogwirira, chinavina uku ndi uku. Ndinamufotokozera kuti njanji zikawerama kawilo kamakanda mwamphamvu kumayambiriro ndi kumapeto, pakati n'kungodutsa. Sanakhulupirire, choncho ndinatulutsa chidutswa changa. Mzere unayamba bwino, pakati mawu anazimirira, ndipo nditatsindika mng'alu unakhotera kumanzere. Anati vuto ndi tailosi yanga, ndi yolimba mopitirira. Ndinati zimenezo n'zoona.

Ku Biwi wowotcherera wina anamvetsera nkhani yonse atakweza magalasi ake pachipumi. Anati ndigule zazifupi ziwiri, azilumikiza, mawa ndidzatenge. Ndinati kawilo kadzadumpha polumikizapo. Anakhumudwa. Anati iye amalumikiza minibasi ziwiri zakufa kukhala imodzi yamoyo, anthu n'kukwera mpaka ku Mchinji, ndiye kawilo n'chiyani. Ndinamuyamikira luso lake n'kunyamula chisaka changa.

Komwe kunali chodulira choyenera ndinkakudziwa kuyambira tsiku loyamba. Kungoti ku Kawale ndinali ndisanapiteko chibwerere. Pamaliro a Nambewe, ine ndikadali pamsewu, Che Saidi ndi amene anabwera ndi chifuwa chawocho, nakhala ndi amuna a mpingo wathu mpaka kumanda, naponya dothi m'malo mwanga. Munthu wotero umamuyang'ana bwanji? Koma masiku a mwezi ankatha, choncho ndinakwera minibasi.

Ndinawapeza pakhonde atatsamira khoma, ataonda moti kachipewa kanali kuwakulira. Sanandifunse kumene ndinali chaka chonse. Anangoti Abusa afika, ndiye kuti pali tailosi yofuna kudula. Nditafotokoza za khomalo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo atapeza mpweya anandikumbutsa za nyumba ya kumwamba. Sitima inali pansi pa bedi, yokulungidwa m'bulangete. Njanji zake ankazipaka mafuta ngakhale sankaigwiritsanso ntchito. Ndinatsindika pakati ndi chala, kenako ndi chikhatho chonse. Sizinasunthe. Kawilo kokha kanali katatha, koma anatuma akazi awo kuti abweretse kabokosi ka machesi kamene kanali m'sutikesi. M'menemo munali kawilo katsopano kamene anabwera nako kuchokera ku Durban. Ndinati ndibwereka masiku awiri. Anati Sitima siyenda popanda dalaivala, ndidzawatenge Loweruka.

Sabata imeneyo ndinagoba simenti yofiira ija kuti yomatira igwire. Nkhwangwa iliyonse imene ndinamenya pansipo ndinkaimva m'maondo mwanga. Matailosi makumi awiri athunthu ndinawamata masiku atatu, alamu anga akundithandiza kunyamula, chifukwa imodzi siinyamulika ndi munthu mmodzi osaipinda. Madalo akabwera madzulo ankalowera kukhomo la kuseri.

Loweruka Madalo sanapite kushopu. Anati kulibe magetsi ku Nsungwi, ngakhale makina ake ndi opalasa ndi mapazi. Tinaika Sitima pabwalo, pamalo osalala, Che Saidi atakhala pampando pafupi, alamu anga ataima ndi gilayinda yawo m'thumba ngati munthu wodikira kuitanidwa. Ndinaika tailosi yoyamba, ndinapempherera mumtima, ndinagwira chogwirira ndi manja awiri n'kukankha. Nsalu inang'ambika kuchokera uku mpaka uko. Nditatsindika inangoti thwa, zidutswa ziwiri zofanana. Yachiwiri chimodzimodzi, koma kumapeto kwake mawu ananjenjemera pang'ono, ndipo ndinaona Che Saidi akupendeketsa mutu.

Zinatsala ziwiri zopendeka. Ndinajambula mzere, ndinaikhazika tailosi, ndinatsitsa kawilo m'mphepete. Kanayamba kugogoda pa poselini ndisanakankhe n'komwe, tiki-tiki-tiki, ngati nkhuku ikujompha mbale. Ndinachotsa dzanja, ndinalipukuta pa buluku, ndinayesanso. Chimodzimodzi.

"Imani, Abusa," anatero Che Saidi.

Iwo sakanatha. Kukankha mzere wautali choncho kumafuna mpweya umodzi, ndipo mpweya umodzi analibe. Alamu anga anayamba kumasula thumba, akunena kuti nthambo ifika kuchokera kuchipinda. Ine ndinangoyang'ana matailosi awiriwo, ndikuwaona kale ali kumanda.

Che Saidi anatembenukira kwa Madalo, amene anali ataima pakhomo atapinda manja. Anamufunsa kuti kasitomala akabweretsa nsalu ya ukwati yokwanira diresi imodzi yokha, amadula kangati. Madalo anati nsalu ya kasitomala sadula kawiri. Anamufunsa ngati lumo lake limaima pakati kuti liganize. Anati likaima pamatsala dzino. Che Saidi anandiyang'ana, nati ndakhala ndikuzungulira Malangalanga ndi Biwi pamene mmisiri ndimadya naye mbale imodzi.

Madalo anati iye ntchito ya amuna saidziwa, ndipo ikasweka asadzamunene. Koma anali atavula kale masilipasi n'kumanga chitenje molimba. Ndinamuikira chidutswa cha katoni yosweka ija. Choyamba anatsindika kwambiri ngati akufuna kuboola, ndipo chinathetheka. Ndinamuuza kuti asalimbane nayo, angomvetsera mawu ake. Chachiwiri chinalira bwino. Chachitatu anakankha osayang'ana kawilo, maso ali kumapeto kwa njanji, monga amachitira ndi lumo patebulo. Che Saidi anati basi, zidutswa zisathe.

Asanayambe anawerama n'kuyang'ana mzere wanga pa tailosi yeniyeni. Anapita m'nyumba, anayeza mpata wa kukhoma ndi tepi yake ya utelala imene inali m'khosi, anabwera n'kusuntha kadontho kanga ka kumapeto pang'ono ndi choko chake. Ndinayezanso. Anali wolondola.

Anagwada kumutu kwa Sitima, ine kumapeto kwake nditagwira tailosi kuti isasunthe. Anakoka mpweya n'kukankha. Mawu anabwera kwa ine osadukiza, kawilo kanatsika m'mphepete pafupi ndi zala zanga. Kutsindika sikufuna dzanja lokhazikika, kumafuna kudziwa kulemera kwake, choncho anandisiyira chogwirira. Thwa. Tinanyamula zidutswazo aliyense chake, tinaziyang'ana padzuwa. M'mphepete munali mosalala ngati mwa kufakitale. Yomaliza tinachita chimodzimodzi, iye kukanda, ine kutsindika, ndipo itagawanika alamu anga anamanganso thumba lawo, nati chiliza cha simenti yosalala nachonso chimaoneka bwino chikapakidwa penti.

Masana tinamata zidutswazo. Madalo ankandipatsira chimodzichimodzi, akudziwa yekha cha kuchitseko ndi cha kuwindo. Titatsala ndi chomaliza, cha pakona ya windo, ndinati mayi ake akanayeza m'mbali tikanadziwa kale, koma si mlandu, mipando ija inali yolemera.

Madalo anandiyankha chidutswa chili m'manja.

"Mipando tinasuntha, Bambo. Tepi ndinagwira ndine. Tinayeza kuchitseko, tinayeza kuwindo, tinabwereza kawiri. N'chifukwa chake anati muimbenso mawa."

Ndinamufunsa kuti nanga nambala ija inachokera kuti. Anayang'ana pabwalo pomwe amalume ake ankatsuka ndowa, natsitsa mawu.

"Anatenga ya pakati. Anati tikakuuzani zoona mudzadandaula kuti njerwa zanu zinaonongeka, ndipo mudzasiya kuwalonjera amalume. Ine ndinati nanga matailosi akadzapanda kukwana? Anati, 'Bambo ako akadzafika adzaona okha, ndipo adzadziwa chochita.'"

Anandipatsa chidutswacho. Ndinapaka simenti, ndinachitsitsa pang'onopang'ono, ndipo chinalowa pakona paja ngati khomalo linamangidwa motsata icho. Ndinachigogoda ndi chibakera, ndinapukuta m'mphepete ndi chisanza. Ntchito inali itatha, koma sindinadzuke pamene ndinagwadapo. Ndinamva Madalo akufunsa ngati maondo andigwira, kenako mawu a Che Saidi pakhomo, akupuma movutikira pakati pa mawuwo.

"Asiye, mwanangu. Kampata kopempherera aka n'kawo tsopano. Ife tipinde miyendo, tidikire."